Ndege Ziwiri, Milandu Iwiri

Abale ndi alongo a m'mbali mwa nyanja, pali mlandu umene ukuweruzidwa mothamanga m'makomo ambiri, ndipo chigamulo chake chikugwera ana osalakwa pamene wolakwa weniweni akudutsa osafunsidwa kanthu. Mlanduwu ndi wa ndege zimene achinyamata athu akuulutsa pa galasi la foni ndi la kompyuta. Mnyamata kapena mtsikana akabwera kutchuthi kuchokera ku Zomba, bambo n'kumuona ali duu, maso ali pa ndege yoyenda pa galasi, mawu amakhala amodzi: walowerera, tidam'tuma sukulu koma iye akukachita chibwana. Ife tikutsutsa chigamulo chimenechi. Ndege za pa galasi zilipo ziwiri. Ina ndi juga yovala mapiko, ndipo imeneyo iyenera kuthamangitsidwa popanda chisoni. Ina ndi chida chophunzirira chimene oyendetsa ndege a dziko lonse lapansi amadzeramo, ndipo kholo loiletsa likutseka khomo la ntchito zimene anthu athu akhala akungoziyang'ana chapatali.

Tiyambire ku Chikanda, pakuti ana athu ambiri ophunzira ku University of Malawi, imene kale tinkaitchula kuti Chancellor College, amagona kumeneko. Malo ogona pa sukulupo ndi ochepa, motero ophunzira amachita lendi m'nyumba zothinana za m'derali, awiri kapena anayi m'chipinda chimodzi, kutali ndi maso a amayi, a amalume ndi a Shehe a kumudzi. Madzulo akaweruka, chimene chimakhala m'manja mwawo ndi foni, ndipo ena ali ndi laputopu yolembera ntchito za kusukulu. Akatuluka panja amaona phiri la Zomba litaima pamwamba pa mzinda, ndipo chakum'mawa kuli bwalo la ndege za asilikali kumene anthu amangoti ku Airwing. Mwana wokhala pakati pa phiri ndi bwalo la ndege sangalephere kukweza maso. Nkhani yagona pa ndege imene adzakwezere masowo.

Ndege yoyamba ndi Aviator, imene ambiri akuitchula kuti kandege. Idapangidwa ndi kampani ya Spribe ndipo idatuluka mu 2019. M'kandegeka mulibe chiwongolero, mulibe kampasi, mulibe mapu, mulibe kumene kakupita. Munthu amaika ndalama, kandege kamanyamuka, nambala yochulukitsira ndalamayo imakwera, ndipo iye ayenera kudina kuti atenge zake kandege kasanathawe. Kakathawa, ndalama yapita. Zonsezi zimatha m'timasekondi towerengeka, kenaka kamanyamukanso. Eni ake amalengeza okha kuti pa K100 iliyonse yobetchedwa, imene imabwerera kwa osewera onse pamodzi ndi K97. Kwa wosaganiza, K3 ikuoneka yochepa. Koma wosewera sabetcha kamodzi. Wophunzira amene wayamba ndi K10,000 n'kumabweza zonse zimene ali nazo m'kandege maulendo 50, masamu akusonyeza kuti mwapakatikati adzatsala ndi ndalama yosakwana K2,500. Maulendo 50 amenewo amakwana bwino pakati pa Maghrib ndi nthawi yogona.

Ndalama imeneyo sidagwe kumwamba. Ndi ya usipa umene mayi adayanika pa thandala ku Makanjira, ndi ya mpunga wa ku Nkhotakota, ndi imene mchimwene adatumiza kuchokera ku Johannesburg atagwira ntchito usiku, kapena ndi ngongole ya boma imene mwanayo adzabweze akadzamaliza maphunziro. Za chigamulo cha Chisilamu pa juga palibe mkangano pakati pa ophunzira athu: ndi haramu, kaya ikuchitika pansi pa mtengo ndi makhadi, kaya pa foni ndi chithunzi cha ndege. Chimene chikutipweteka n'chakuti kandege kameneka n'kosavuta kubisa. Kamatenga mphindi imodzi, sikafuna laputopu, ndipo mwana akhoza kukasewera ali pamphasa pomwepo akudikira nsima. Motero wa juga sagwidwa. Wogwidwa ndi uja wakhala maola awiri poyera, mapu ali pambali, pensulo ili m'manja, akuwerengera mafuta a ndege yochoka ku Zomba kupita ku Karonga.

Ndege yachiwiriyo ndi ya pulogalamu yoyeserera kuyendetsa ndege, imene odziwa amaitchula kuti simulator. Mbiri yake ndi yakale kuposa kompyuta. Mu 1929, Edwin Link wa ku Binghamton m'dziko la America adapanga bokosi lokhala ndi mpando, chiwongolero ndi mawotchi a m'ndege, loyendetsedwa ndi mivukuto yonga imene inkagwiritsidwa ntchito m'fakitale ya zoimbira ya bambo ake. Poyamba anthu adaliona ngati choseweretsa cha pa chionetsero. Mu 1934, asilikali a m'ndege a dzikolo atapatsidwa ntchito yonyamula makalata, angapo adafa pa ngozi za usiku ndi za nyengo yoipa, ndipo akuluakulu adazindikira kuti bokosi lija limaphunzitsa munthu kuuluka pokhulupirira zida pamene maso sakuona kanthu. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, oyendetsa ndege oposa 500,000 adaphunzirira m'mabokosi amenewo. Mpaka lero, amene amatinyamula kuchoka ku Lilongwe kudzera ku Addis Ababa pa ulendo wa Hajj amabwerera mu simulator nthawi ndi nthawi kukayesedwa mmene angachitire injini itazima kapena moto utabuka. Chimene kholo likuchitcha chibwana ndicho chimene chimasunga moyo wa kholo lomwelo likakhala mumlengalenga.

Za m'nyumba zidayamba kufala pamene Microsoft Flight Simulator idatuluka mu 1982. Imene idatuluka mu 2020 idatenga zithunzi za dziko lonse zojambulidwa kuchokera kumwamba, n'kuikamo mabwalo a ndege oposa 30,000, ndiponso imatha kutengera nyengo yeniyeni ya tsikulo. Imeneyo imafuna kompyuta yamphamvu ndi intaneti yambiri, zimene ana ambiri a ku Chikanda sangakwanitse. Koma zilipo zina. FlightGear ndi yaulere, ndipo ukaikopera pamodzi ndi mapu a dera lako imayenda popanda intaneti. GeoFS imatseguka pa intaneti popanda kuika kanthu m'kompyuta. Google Earth ya pa kompyuta ili ndi kachipinda kake koyeserera kuuluka. Mwana wa msodzi akhoza lero kukhala pa mpando umene zaka 40 zapitazo unali wa ana a anthu olemera a ku Ulaya okha.

Kuti mlandu uweruzidwe mwachilungamo, tiyeni tione chimene mwanayo amachita pa ulendo wautali umene amaukonda. Watenga kandege ka mipando inayi ka mtundu wa Cessna 172, kothamanga makilomita pafupifupi 220 pa ola. Akufuna kuchoka ku Zomba, kulowera kumpoto mpaka ku Karonga. Asananyamuke ayenera kudziwa kuti mzinda wa Zomba uli pa mamita pafupifupi 900 kuchokera pa mlingo wa nyanja ya mchere, pamene nsonga za phiri zimapitirira mamita 2,000. Zida za m'ndege zimawerenga mafiti, choncho ayenera kusandutsa mamitawo n'kupeza kuti phirilo likupitirira mafiti 6,500, ndipo ngati akufuna kudutsa pamwamba pake ayenera kukwera koposa pamenepo ndi malo otsala. Liwiro limawerengedwa mu knots, mtunda mu mailosi a panyanja, ndipo mailosi imodzi yotero ndi mamita 1,852. Ayenera kuwerengera mafuta a ulendo wonse ndi ena apadera, kuti akapeza bwalo litaphimbidwa ndi mitambo apite kwina. Awa ndi masamu, fizikisi ndi jogalafe a MSCE, amene mwana yemweyo ankawaona ngati chilango ali ku sekondale.

Akanyamuka, dziko limatambasuka monga momwe palibe mmodzi wa ife adalionera. Kumanja kuli nyanja ya Chilwa ndi chilumba cha Chisi, nyanja yopanda mtsinje wotulukamo, imene idauma mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018. Kumanzere kuli phiri la Zomba ndi la Malosa, ndi chigwa cha Domasi pakati pawo. Kutsogolo kukubwera Liwonde, pamene Kamuzu Barrage imalamulira madzi a Shire amene amapukusa makina a magetsi ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Atsatira Shire chokwera mpaka ku nyanja ya Malombe, ndipo patangotha theka la ola ali pamwamba pa Mangochi, pakuti molunjika mtundawo ndi makilomita pafupifupi 100 okha. Kuchoka apo ndi Monkey Bay, Cape Maclear, gombe la Makanjira tsidya la kum'mawa, Senga Bay, Nkhotakota ya a Jumbe, zilumba za Likoma ndi Chizumulu, Nkhata Bay, mpaka Karonga patapita maola ena awiri ndi theka. Nthawi ya mu simulator ndi yeniyeni, sifupikitsidwa pokhapokha mwini atafuna. Mwana wa masiku ano, amene amati sangathe kumvetsera chinthu kwa mphindi zisanu, wakhala maola atatu akusunga mzere umodzi pa kampasi.

Inu asodzi, mwanayu akuphunzira zanu zomwe m'chinenero china. Mumadziwa kuti mwera ukawomba m'miyezi yozizira bwato lolowera kumpoto limathamanga ndipo lobwerera limavutika. Iye akuona liwiro la ndege yake likukwera popita ku Karonga n'kutsika pobwerera, ndipo akuwerengera kusiyanako. Mumadziwa kuti vuma kapena zambwe akakumenya m'mbali, mphuno ya bwato uyenera kuilozetsa pang'ono kumene mphepo ikuchokera kuti ukafike pa doko lako. Iye akuchita chimodzimodzi ndi mphuno ya ndege, ndipo akudziwa kuti ndi madigiri angati. Agogo amene amaona mtambo n'kunena kuti lero ngalawa zisapite kutali, ndi mdzukulu amene akuwerenga lipoti la nyengo la ku Chileka, ali ndi nkhani yoti akambirane ngati wina angawakhazike pa mkeka umodzi. Ndipo mwanayo akalozetsa ndege yake ku Makka kuchokera ku Zomba, kampasi imamuuza kuti Qibla ili pa madigiri pafupifupi 7 kum'mawa kwa kumpoto kwenikweni, pa mtunda wa makilomita oposa 4,000. Chimene ankangochilandira poona kumene mzikiti wayang'ana, tsopano wachiyeza yekha.

Otsutsa ali ndi mawu, ndipo ena mwa mawuwo ndi olemera. Oyamba amati zimenezi zimadya nthawi ya Swala. Ulendo wa maola atatu wonyamuka masana ukhoza kumeza Asr, n'zoona. Koma mankhwala ake ali pa kompyuta pomwepo. Woyendetsa ndege weniweni sangaimitse ndege yake mumlengalenga, pamene wa ku Chikanda ali ndi batani loimitsira ulendo wonse pamwamba pa nyanja ya Malombe, n'kukaswali, n'kudzapitiriza. Amene waphonya Swala ali ndi batani limenelo pansi pa chala chake, vuto lake si ndege. Akadaphonyanso chifukwa cha mpira wa pa kanema, bawo kapena macheza a pa golosale. Tim'dzudzule chifukwa cha Swala, ndipo chidzudzulocho chikhale cholunjika. Komanso munthu amene waphunzira kulemba nthawi yonyamuka ndi yofika asanayambe ulendo ndiye woyenera koposa onse kudziwa kuika ulendowo pakati pa Swala ziwiri.

Achiwiri amati n'kulota kwachabe, pakuti maphunziro oyendetsa ndege ndi okwera mtengo kwambiri ndipo mwana wa mlimi sangawafikire. Mtengowo ndi wokweradi, ndipo si onse okonda ndege amene adzakhale pa chiwongolero. Koma ndege imodzi kuti inyamuke pa bwalo la Kamuzu kapena la Chileka pamafunika owongolera kayendedwe ka ndege ali pa nsanja, akatswiri a zanyengo, amakaniko, okonza zida za wailesi, owerengera katundu ndi mafuta. Mu 2017 boma pamodzi ndi UNICEF adatsegula malo oyeserera ndege zing'onozing'ono zopanda munthu m'kati ku Kasungu, ndipo mu 2020 kudatsegulidwa African Drone and Data Academy yophunzitsa achinyamata kupanga ndi kuulutsa ndege zotero. Ndege zimenezi zanyamulapo mankhwala kupita ku zipatala zovuta kufikako, ndipo zimajambula malo osefukira madzi. Ife amene tidaona zimene namondwe Freddy adachita mu Malichi 2023 sitingatche luso limeneli kulota. Tikumbukirenso kuti Yolanda Kaunda adakhala mayi woyamba wa ku Malawi kufika pa udindo wa kaputeni wa ndege. Mwana wathu wamkazi wovala hijabu akafunsa chifukwa chimene iye sangatsatire, tidzamuyankha chiyani?

Achitatu salankhula mokweza, koma mantha awo tikuwadziwa. Amati chichitikireni zoopsa za pa 11 Seputembala 2001, Msilamu wokonda za ndege amayang'anidwa ndi diso lokayikira, motero kuli bwino mwana atalikirane nazo. Ife tikukana kulandira chilango cha mlandu umene ana athu sadapalamule. Kuvomera mantha amenewa n'kuvomera kuti odana nafe atisankhire ntchito zotiyenera. Ndege za Emirates, Qatar Airways, Turkish Airlines ndi EgyptAir zimaulutsidwa tsiku ndi tsiku ndi Asilamu ambirimbiri. Mbiri imasimba za Abbas ibn Firnas wa ku Cordoba, amene m'zaka za m'ma 800 adadzipangira mapiko n'kuyesa kuuluka, n'kuvulala potera, ndipo lero dzina lake lidaperekedwa ku chigwa china cha pa mwezi. Qur'an yolemekezeka, mu Surat Al-Mulk ndi mu Surat An-Nahl, imatiloza ku mbalame zouluka kuti tilingalire za Amene amazigwira mumlengalenga. Mwana wofunsa mmene phiko limanyamulira chinthu cholemera sadachoke pa njira imeneyo.

Pali phunziro m'mbiri yathu limene sitiyenera kulilambalala. M'nthawi ya atsamunda, sukulu zambiri zinali m'manja mwa amishoni, ndipo makolo athu adabisa ana awo poopa kuti akasinthidwa dzina ndi chipembedzo. Mantha awo anali ndi maziko, ndipo chikhulupiriro chimene tili nacho lero adatisungira ndi iwowo. Koma mtengo wake tidaulipira kwa mibadwo: maofesi, zipatala ndi makhoti zidadzaza ndi ana a ena, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja akadali kuthamangira kuti afanane ndi anzawo pa maphunziro. Lero palibe amene akuuza mwana kuti asinthe dzina kuti atsegule FlightGear. Kumuletsa popanda chifukwa n'kulipiranso mtengo wakale uja pamene choopsa chake palibe. Ndiponso ife ndife ana a anthu oyenda. Amalonda a Chiyao ankayenda pansi mpaka ku Kilwa, ndipo Shehe Abdallah bin Haji Mkwanda adakatenga maphunziro kugombe komweko n'kudzawafalitsa kuno kunyanja. Mu 1949 ndi 1950 ndege zotera pamadzi za BOAC, zoyenda pakati pa England ndi South Africa, zinkaima pa Cape Maclear, agogo athu akuonerera ali m'mabwato. Padutsa zaka zoposa 70. Kuonerera kwakwana.

Dziko lino lidaphunzira mowawa kuti mlengalenga sufuna chibwana. Pa 10 Juni 2024 ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 idagwa m'nkhalango ya Chikangawa, n'kupha anthu asanu ndi anayi kuphatikizapo wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima. Akatswiri ofufuza ochokera ku Germany adatchula nyengo yoipa ndi kusaoneka bwino kwa malo pamwamba pa mapiri. Sitikunena kuti kompyuta ya m'chipinda cha wophunzira ikadasintha tsiku limenelo. Tikunena kuti m'masiku otsatira, mphekesera zidayenda mofulumira kuposa nzeru, chifukwa ochepa mwa ife ankadziwa chimene chifunga chimachita kwa woyendetsa ndege, kapena ntchito ya zida zolondolera ndege pa bwalo. Mtundu umene uli ndi achinyamata ambiri omvetsa zinthu zimenezi umatha kufunsa olamulira mafunso oyenera okhudza mabwalo athu, zida zake ndi kasamalidwe ka ndege zathu. Mtundu wosadziwa umangolira n'kunong'onezana.

Tsopano titembenukire kwa inu achinyamata, pakuti kukuikirani kumbuyo sikutanthauza kukusekererani. Chithunzi cha pa galasi chimanama m'malo ena. Kompyuta ikaona pobiriwira imadzalapo mitengo yakeyake, ndipo phiri la Zomba limene mukuulukapo likhoza kuoneka la nkhalango yowirira pamene lenilenilo lametedwa ndi nkhwangwa, macheka ndi moto wa chaka ndi chaka. Nyanja ya Malombe imaoneka yokongola kuchokera pa mafiti 5,000, koma galasi silikuuzani kuti chambo chimene chinkadzaza makoka kumeneko chidatha pafupifupi chonse pofika m'zaka za m'ma 1990. Chilwa wa pa kompyuta sauma. Amene wadutsa pamwamba pa phiri maulendo makumi awiri ali m'chipinda ku Chikanda, koma sadakwerepo ndi mapazi ake kukaona damu la Mulunguzi limene amamwa madzi ake, ameneyo sadaone kanthu. Mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia idachoka kutali kudzaima pa malo amene lero amatchedwa Emperor's View. Inu muli m'tsinde mwa phiri lomwelo, ndipo Loweruka limodzi likukwanirani. Kwerani, mukaone zitsa, mukaone mmene mitsinje ya Mulunguzi ndi Likangala imatengera dothi kutsikira nalo ku Chilwa, kenaka mubwerere ku mapu anu muli ndi funso.

Musaiwalenso kuti bandulo ya intaneti imagulidwa ndi ndalama yomwe ija ya usipa. Ulendo wa pa galasi wodya ndalama ya chakudya kapena ya mabuku wasanduka kuwononga, ndipo kuwononga n'koletsedwa ngakhale pa chinthu chololedwa. Ulendo wochitika usiku wa mayeso ndi kuba, ndipo wobedwayo ndi mayi anu. Ngati mukufuna kuti akuluakulu alemekeze chimene mukuchita, chichiteni monga ochilemekeza: khalani ndi kabuku kolembamo tsiku, kochokera, kopita, mtunda, mphepo ndi chimene mwaphunzira, monga amachitira oyendetsa ndege enieni. Kabuku kameneko ndi umboni umene wa kandege ka juga sangautulutse. Ndipo mnzanu wa chipinda chimodzi akamamira m'kandege, musangokhala chete poti inu zanu zili bwino. Mukudziwa masamu a K97 aja kuposa iye. Muwerengereni pa pepala.

Kwa makolo, pempho lathu ndi losavuta: funsani musanagamule. Safunsa adadya phula. Khalani pambali pa mwanayo ndipo mufunse zinthu zitatu. Kodi ndegeyi ikuchokera kuti ndipo ikupita kuti? Wa simulator adzakutchulirani mabwalo awiri ndi mtunda wake, pamene wa juga adzasowa chonena. Kodi kuti inyamuke ukuikamo ndalama, ndipo ukuyembekeza kuti ikubwezera zochuluka? Ngati yankho ndi inde, imeneyo ndi juga, ngakhale itakongola chotani. Kodi ungandionetse mudzi wathu? Apa mudzaona nokha. Mwana amene angathe kukutengani kuchoka ku Zomba, kutsata Shire, n'kukuonetsani gombe limene mumakocheza bwato lanu, akuchita chinthu chimene simuyenera kuchita nacho manyazi. Funsaninso za mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba pa foni yake. Ndalama zotuluka pang'onopang'ono kambirimbiri pa tsiku limodzi zimaulula kandege ngakhale mwini atakana.

Kwa makomiti a mizikiti ndi a madrasa, ulaliki wotsutsa juga ya pa foni ukufunika, ndipo uzitchula kandege ndi dzina lake, ndi masamu ake, kuti anyamata adziwe kuti a Shehe akudziwa chimene akunena. Koma kuletsa kokha kumasiya dzanja lopanda kanthu, ndipo dzanja lotero limabwerera kumene lidachoka. Madrasa imene ili ndi magetsi kapena sola ikhoza kupeza kompyuta imodzi yakale, kuikamo pulogalamu yaulere, n'kupempha wophunzira wa ku Zomba amene ali patchuthi kuti Loweruka lililonse aphunzitse ana khumi, anyamata nthawi yawo ndi atsikana nthawi yawo, kuwerenga kampasi, mapu ndi mphepo. Lamulo likhale lakuti adhana ikamveka ndege iime, ndi kuti ulendo uliwonse wa pa galasi ukhale ndi mnzake wa pansi: kukwera phiri lapafupi, kukaona kumene mtsinje umathira m'nyanja, kukacheza ndi msodzi wachikulire za mayina a mphepo. Mabungwe a ophunzira a Chisilamu m'makoleji akhoza kuyamba zomwezo ku Chikanda komweko, kumene chiyeso cha kandege chili pafupi kwambiri.

M'mera mpoyamba. Mwana amene lero akuwerengera mafuta a ulendo wa ku Karonga pa pepala la kope akudziphunzitsa kuleza mtima, kukonzekera ndi kuopa kulakwitsa, pamene mnzake wa kandege akudziphunzitsa kuti chuma chimabwera mwa kudina msanga. Makhalidwe awiriwa adzakula nawo, ndipo adzalowa nawo m'mabanja, m'malonda ndi m'maudindo a m'mizikiti yathu. Kholo lowaika m'thumba limodzi lataya mwayi wolimbikitsa woyambayo, ndipo lapatsa wachiwiriyo pobisala. Tchuthi chikubwerachi, ana akatsika minibasi ndi zikwama zawo, tiyeni tikhale nawo pansi, tione galasilo ndi maso athu, tifunse mafunso atatu aja, ndipo aliyense alandire chomuyenera: wa juga chidzudzulo ndi chithandizo choti asiye, wa mapu ndi kampasi dalitso la makolo ake.